Ntchito za zikopa zimatsata singano, osati khola

Tsiku lina mukadzapita kogula nsapato pa kaunjika, kaya ku Limbe, kaya mumsika wa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, mudzatukule lilime la nsapatoyo n'kuwerenga kansalu kamene kasokedwa kunsi kwake. Mudzapeza palembedwa Vietnam, China, Indonesia, India, ndipo mwa apo ndi apo Portugal kapena Italy. Dzina la kampani limene likuoneka kunja ndi la ku America, ku Britain kapena ku Germany, koma manja amene anadula ndi kusoka nsapatoyo ndi a kwina. Kuseri kwa kansalu kameneka kuli anthu mamiliyoni amene apeza ntchito, ndi ena ambirimbiri amene ntchito inawathera, m'zaka 60 zapitazi.

Ambirife timaganiza kuti dziko la ng'ombe zambiri ndilo liyenera kukhala ndi ntchito zambiri za zikopa. Pokamba zimamveka, koma si mmene zilili. America ndi Brazil amapha ng'ombe zochuluka zedi, ndipo zikopa zawo zambiri zimakwera sitima kupita kunja zisanasanduke chovala chilichonse. Vietnam imachita kugula zikopa kwa ena, chonsecho anthu oposa 1 miliyoni kumeneko amadya za nsapato ndi zikwama. Italy, imene zikopa zake zofufuta n'zotchuka dziko lonse, nayonso imaitanitsa zikopa zaziwisi zambiri kuchokera kunja. Ntchito zimakhala pamene pali singano, ndipo singano n'njopepuka kunyamula.

Kuchokera pa mpeni kufika pa soli

Chikopa chikangosendedwa chimayamba kuola, n'chifukwa chake amachithira mchere kapena kuchiyanika. Chikafika kofufuta amachinyika m'madzi, amachithira laimu kuti ubweya uthothoke, amapala nyama ndi mafuta otsalira, kenako amachizunguza m'migolo ikuluikulu pamodzi ndi mankhwala. Kale ankafufuta ndi makungwa a mitengo, ndipo mpaka pano khungwa la wattle, mtengo umene umalimidwa ku KwaZulu-Natal, kum'mawa kwa Zimbabwe ndi ku Njombe m'dziko la Tanzania, likugwirabe ntchito imeneyi. Vuto lake n'lakuti njira ya makungwa imatenga masabata. Mu 1884 Augustus Schultz analandira chiphaso cha njira yofufuta ndi mankhwala a chrome ku America, ndipo lero zikopa pafupifupi 80 mwa 100 zilizonse zimafufutidwa motero, tsiku limodzi basi zatheka. Chikopa chimatuluka mumgolo chili chonyowa, cha mtundu wabuluu wotuwa, ndipo a malonda amachitchula kuti wet blue. Chikaumitsidwa n'kupakidwa utoto ndi mafuta, m'pamene chimakhala chokonzeka kudulidwa.

Gawo lonseli limafuna makina okwera mtengo, madzi ambiri ndi mankhwala, koma anthu si ambiri kwenikweni. Khamu la antchito limayambira pa tebulo lodulira. Wodula amayala chikopa, amachisisita ndi chikhatho kufufuza zipsera, amachikoka uku ndi uku kuti amve mbali imene chikutanuka, paja cha pamsana n'cholimba pomwe cha kumimba n'chofewa. Akadula chidutswa cha kumphuno kwa nsapato pamalo ofewa, nsapatoyo ikwinyika mwezi usanathe. Wina amapala m'mphepete mwa tizidutswato kuti pokumanira pasatupe. Kenako pamabwera mzere wa osoka, aliyense pa makina ake, uyu chidendene, uyu lilime, uyu mabowo a zingwe. Nsapato imodzi imadutsa m'manja mwa anthu ambirimbiri isanavekedwe pa chikombole chooneka ngati phazi n'kumatidwa soli. Chikwama cha amayi n'chimodzimodzi: zipi, lamba, nsalu yamkati, timatumba, zonse n'zoika ndi zala.

Apa m'pamene pagona nkhani. Fakitale ya simenti simungaizule n'kupita nayo kwina, koma makina osokera amakwana m'kontena. Malipiro a osoka akangokwera, mwini fakitale amayamba kuyang'ana kutsidya.

Powerenga ziwerengero za ntchitozi pali chinthu china chofunika kuchidziwa. M'kaundula amene mayiko amagwiritsa ntchito, gulu la zikopa limaphatikiza ofufuta, osoka zikwama ndi malamba, komanso opanga nsapato za mtundu uliwonse, ngakhale za pulasitiki ndi za nsalu. Ndiye mukamva kuti dziko lakuti lili ndi antchito a zikopa ochuluka, ambiri mwa iwo angakhale akusoka nsapato zamasewera zopanda chikopa n'chidutswa chomwe. Komanso amayi osokera kunyumba ndi amisiri a pakhonde nthawi zambiri salowa m'kaundulamo.

Ulendo wa singano

Mzinda wa Northampton ku England unatchuka ndi nsapato mpaka timu yake ya mpira inapatsidwa dzina loti Cobblers, kutanthauza osoka nsapato. Ku America mizinda ya Lynn ndi Brockton, m'chigawo cha Massachusetts, inali chimodzimodzi. Ku Lynn n'kumene Jan Matzeliger, mnyamata wobadwira ku Suriname kwa mayi wakuda, anapanga makina okokera chikopa pa chikombole, n'kulandira chiphaso chake mu 1883. Mmisiri waluso ankatha mapeyala 50 patsiku ndi manja, makinawo ankatha mapeyala mazana. Amisiri a gawo limenelo anataya malo, inde, koma nsapato zinatsika mtengo, ogula anachuluka, mafakitale n'kukula. Chimene chinadzatha ntchito m'mizinda imeneyi chinali katundu wobwera pa sitima zapamadzi.

M'zaka za m'ma 1960 America inali ndi anthu oposa 200,000 m'mafakitale a nsapato. Lero sakwana 20,000, ndipo nsapato zoposa 95 mwa 100 zilizonse zogulitsidwa kumeneko zimachokera kunja. Poyamba ntchitozo zinapita ku Italy, Spain ndi Brazil, kumene chigwa cha Sinos, kufupi ndi mzinda wa Novo Hamburgo, chinkasokera nsapato amayi a ku America. Nsapato zamasewera zinapita ku Japan, kenako ku Busan m'dziko la South Korea ndi ku Taiwan. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 malipiro atakwera kumenekonso, eni mafakitale a ku Taiwan anawolokera ku Guangdong m'dziko la China, a ku Korea ambiri n'kulowera ku Indonesia.

Ku Britain zinachedwerapo koma zinafika. Kampani ya Clarks, imene inayamba mu 1825 m'tauni ya Street ndi zikopa za nkhosa, inatseka mafakitale ake omaliza a m'dzikomo chapakati pa zaka za m'ma 2000. Dr. Martens inasamutsira ntchito zake ku China ndi Thailand mu 2003, ndipo anthu pafupifupi 1,000 anachotsedwa. Makampaniwa sanafe. Mayina anatsala, maofesi anatsala, ojambula masitayelo ndi otsatsa malonda anatsala. Anachoka ndi osoka, ndipo mayi amene wakhala pa makina zaka 25 sangadzuke m'mawa n'kukhala wojambula nsapato pa kompyuta. Ziwerengero za chuma cha dziko zimatha kuoneka bwino pamene tauni yathunthu yagwa mphwayi.

China italowa m'bungwe la zamalonda la WTO mu December 2001, msika unasefukira. Masiku ano dziko lapansi limapanga mapeyala a nsapato oposa 20 biliyoni pachaka, ndipo oposa theka amachokera ku China kokha. Tikaphatikiza India, Vietnam, Indonesia ndi anzawo, mapeyala pafupifupi 9 mwa 10 alionse ndi a ku Asia. Anthu amakonda kunena kuti chinsinsi cha China chinali malipiro otsika, koma limenelo ndi theka la nkhani. M'mizinda ngati Dongguan, Wenzhou ndi Jinjiang, kapena ku Shiling kumene kumasokedwa zikwama, wopanga soli, wogulitsa guluu, wosema zikombole, wa mazipi ndi wokonza makina onse ali pafupi, doko nalonso lili pomwepo. Wogula akasintha maganizo Lolemba, chitsanzo chatsopano chimakhala patebulo sabata isanathe. Mpaka lero mayiko ambiri a malipiro otsika kuposa China alephera kumanga zoterezi.

Ku Ulaya anthu anakwiya. Mu September 2004 ku Elche, mzinda wa nsapato ku Spain, anthu ochita zionetsero anatentha nsapato za amalonda a ku China. Mu 2006 bungwe la EU linaika msonkho wapadera wa 16.5 pa 100 pa nsapato zachikopa za ku China ndi wa 10 pa 100 pa za ku Vietnam, ndipo unakhalapo mpaka 2011. Ntchito zimene zinali zitapita kale sizinabwerere.

Kenako China nayo inakumana ndi zomwe Taiwan inakumana nazo. Malipiro anakwera, ndipo achinyamata anayamba kukana ntchito za pamzere. Mu April 2014 antchito pafupifupi 40,000 a kampani ya Yue Yuen ku Dongguan ananyanyala ntchito pofuna kuti ndalama zawo za penshoni ndi za nyumba zilipidwe mokwanira. Maoda anayamba kusefukira ku Vietnam, Indonesia ndi Cambodia. Lero pafupifupi theka la nsapato za Nike zimasokedwa ku Vietnam, ndipo ambiri mwa osokawo ndi amayi ochokera m'midzi, amene ndalama zawo zimamanga nyumba ndi kulipira sukulu kwawo. Kwa mtsikana amene akanakhala m'munda wa mpunga, malipiro a pamwezi si chinthu chochepa, ndipo sindigwirizana ndi amene amanyoza ntchito zimenezi ali pa mpando wofewa. Komabe ntchitozi zimadalira matumba a anthu akutali. Mu 2023 ogula a ku America ndi ku Ulaya atachepetsa kugula, fakitale ya PouYuen mumzinda wa Ho Chi Minh, imene inali ndi antchito oposa 50,000, inachotsa anthu pafupifupi 6,000 ulendo umodzi.

Nanga maloboti? Adidas inayesa. Inatsegula mafakitale odalira makina oyenda okha ku Ansbach m'dziko la Germany ndi kufupi ndi Atlanta ku America, koma chakumapeto kwa 2019 inalengeza kuti ikuwatseka onse awiri. Ngati zinavuta pa nsapato zamasewera, pa chikopa n'zovutirapo, chifukwa palibe ng'ombe ziwiri za chikopa chofanana. Makina odulira a kompyuta alowa m'mafakitale ambiri ndipo achepetsa odula, koma kusoka kudakali m'manja mwa anthu.

Kumene kumanunkha

Ntchito yofufuta ili ndi nkhani yakeyake, ndipo ndi nkhani ya madzi. Walira mvula walira matope: dziko limene lalandira mafakitale ofufuta lalandiranso madzi a laimu, mchere ndi chrome, ndipo akapanda kuyeretsedwa amapha mtsinje ndi minda.

Ku India, bungwe loona zogulitsa zikopa kunja limati ntchito za zikopa ndi nsapato zimadyetsa anthu pafupifupi 4.4 miliyoni. Malo ake ndi Kanpur, Agra, Kolkata, ndi matauni a ku Tamil Nadu monga Ambur, Vaniyambadi ndi Ranipet. Chifukwa cha chikhalidwe chogawa anthu m'magulu malinga ndi kubadwa, kugwira chikopa cha nyama yakufa kunkaonedwa ngati ntchito yodetsa, motero kuyambira kale ogwira ntchitozi ambiri ndi a Dalit, gulu lonyozedwa kwambiri, pamodzi ndi Asilamu. Ndiye fakitale ikatsekedwa, njala imagwera anthu amene alibe kwina kolowera. Mu 1996 khoti lalikulu la dzikolo linalamula kuti ofufuta a ku Tamil Nadu alipire chifukwa choononga madzi ndi minda. Chakumapeto kwa 2018 mafakitale ofufuta a ku Jajmau mumzinda wa Kanpur anatsekedwa kuti madzi a mtsinje wa Ganges akhale oyera pa mwambo wachipembedzo wa Kumbh Mela ku Prayagraj, kumunsi kwa mtsinjewo, ndipo kutsekako kunapitirira mwambo utatha kale. Antchito olipidwa patsiku anabwerera kumidzi, ogula akunja n'kupita kwina. Mtsinje uyenera kutetezedwa, palibe wotsutsa. Chowawa n'chakuti amene analipira mtengo wake ndi munthu wopala zikopa, amene sanafunsidwepo za kumene madzi oipa azitayidwa.

Ku Bangladesh, mafakitale ofufuta anali ku Hazaribagh mkati mwa mzinda wa Dhaka, akuthira zoipa zawo mumtsinje wa Buriganga. Mu April 2017, potsatira lamulo la khoti, anawadulira magetsi ndi gasi kuti asamukire ku Savar, kumene boma linamanga malo oyeretsera madzi oipa a mafakitale onse pamodzi. Malowo sanagwire ntchito mmene ankayembekezera, ndipo mtsinje wa Dhaleshwari unayamba kulandira zimene Buriganga unkalandira. Makampani akuluakulu a ku Ulaya ndi America amafuna chikopa chokhala ndi chiphaso cha bungwe la Leather Working Group, ndipo ofufuta ambiri a ku Savar alibe chiphasocho. Zotsatira zake n'zakuti amagulitsa zikopa zawo motchipa, makamaka ku China, pamene mafakitale a nsapato a m'dziko lomwelo akuitanitsa chikopa kunja kuti akwaniritse zofuna za ogula awo. Pafupifupi theka la zikopa za dzikolo zimapezeka pa chikondwerero cha Eid yopha nyama, ndipo mu 2019 mtengo unagwa kwambiri moti anthu ena anataya kapena kukwirira zikopa zawo.

Kumene singano inakana kuchoka

Pali malo ena ku Ulaya kumene ntchito za zikopa zikuchuluka m'malo mochepa, ndipo n'kumene amapanga katundu wa anthu olemera. Kampani ya Hermès ku France imatsegula malo atsopano osokera zikwama pafupifupi chaka chilichonse: ku Louviers ndi ku Sormonne mu 2023, ku Riom mu 2024, malo alionse amisiri 250 kapena kuposerapo pang'ono. Kumeneko mmisiri mmodzi amasoka chikwama chonse yekha, ndi singano ziwiri zolowa bowo limodzi mosinthana, njira ya opanga zishalo za akavalo, moti ulusi ukaduka pamalo amodzi msoko sumasuka. Kampaniyi inatsegula sukulu yakeyake mu 2021 chifukwa anthu odziwa ntchitoyi akusowa. Ku Scandicci kufupi ndi Florence, ndi ku Ubrique, katauni ka kumapiri kum'mwera kwa Spain, mabanja ambiri amadya zosokera zikwama makampani otchuka. Ku Northampton mafakitale ochepa amene anapulumuka, monga Tricker's ndi Crockett & Jones, ndi aja opanga nsapato zodula zimene munthu amavala zaka zambiri, n'kumangosinthitsa soli. Portugal nayo, m'madera a Felgueiras ndi São João da Madeira, inasiya kupikisana pa kutchipa. Inasankha maoda ang'onoang'ono ofika msanga kwa ogula a ku Ulaya, ndipo pafupifupi nsapato zake zonse zimagulitsidwa kunja.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Chikwama chikamagulitsidwa pa mayuro masauzande, malipiro a wosoka ndi kachigawo kakang'ono ka mtengowo, ndipo dzina la dziko lolembedwa mkati ndi limene wogula akulipira. Kungoti ntchito zoterezi n'zochepa poyerekeza ndi zimene zinatayika, ndipo amisiri ambiri akukalamba opanda owalowa m'malo. M'mafakitale ofufuta a ku Santa Croce sull'Arno ndi Arzignano ku Italy, ntchito zolemetsa zambiri zikugwiridwa ndi anthu obwera, ambiri ochokera ku Senegal, India, Bangladesh ndi Ghana. Nsapato zina za ku Italy zimadulidwa kumeneko, n'kutumizidwa ku Albania kapena Romania kukasokedwa motchipa, kenako n'kubwerera kudzamatidwa soli.

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mu 2024 khoti la ku Milan linaika nthambi zina za makampani a Armani ndi Dior pansi pa oyang'anira osankhidwa ndi khoti, litapeza kuti makampani ang'onoang'ono amene ankapatsidwa ntchito yosoka ankazunza antchito obwera. Ena ankagona momwe ankagwirira ntchitomo, ndipo zotetezera ngozi zinali zitachotsedwa pa makina kuti ntchito izithamanga. Zikalata za kukhoti zinaonetsa kuti chikwama chogulitsidwa mayuro 2,600 m'sitolo, kampani yaing'ono yosokayo inkalandirapo mayuro 53 pochilumikiza. Chakumayambiriro kwa 2025 khotilo linachotsa oyang'anirawo litakhutira kuti makampaniwo akonza kayendetsedwe kawo. Nkhani imeneyi inaonetsa kuti kufunafuna manja otchipa sikufuna sitima nthawi zonse. Nthawi zina manjawo ndi amene amabwera, n'kubisidwa kuseri kwa mzinda.

Pamwamba pa zonsezi, chikopa chenichenicho chikutaya malo. Achinyamata padziko lonse amavala nsapato zamasewera za nsalu ndi pulasitiki, ngakhale kuofesi. Volvo inalengeza mu 2021 kuti magalimoto ake amagetsi sadzakhala ndi mipando yachikopa, ndipo Apple inasiya kugwiritsa ntchito chikopa mu 2023. Palibe amene amaweta ng'ombe chifukwa cha chikopa, amaweta chifukwa cha nyama ndi mkaka, ndiye zikopa zimabwerabe kaya wogula alipo kaya palibe. Cha m'ma 2019 ndi 2020 mitengo inatsika mpaka zikopa zina za ku America zinkangokwiriridwa kudzala.

Nanga ife a ku Africa?

Ethiopia ndi dziko limene linayesa ndi mtima wonse. Lili ndi ziweto zambiri kuposa dziko lina lililonse mu Africa, ndipo zikopa za nkhosa zake za kumapiri n'zofunidwa kwambiri popanga magolovesi. Mu 2008 boma linaika msonkho wa 150 pa 100 pa zikopa zotumizidwa kunja zili zaziwisi kapena zofufuta pang'ono, pofuna kuti ntchito zitsale m'dzikomo. Mu 2011 nduna yaikulu Meles Zenawi inakopa kampani ya Huajian ya ku China, ndipo mu January 2012 fakitale yake inayamba kusoka nsapato ku Dukem, kufupi ndi Addis Ababa. M'zaka zochepa inali italemba anthu masauzande, ikutumiza nsapato za amayi ku America popanda msonkho kudzera mu lamulo la AGOA. Ambiri anati singano yafika ku Africa tsopano.

Mavuto anaonekera msanga. Malipiro anali otsika kwambiri moti antchito ankasiya asanazolowere makina. Soli, guluu ndi zitsulo za pansapato zinkachokera kunja kudzera pa doko la Djibouti, ndalama zakunja zogulira zili zosowa. Zikopa zambiri za m'dzikomo zinali ndi zipsera za tizilombo toluma nkhosa, vuto limene kumeneko amalitchula kuti ekek. Ndiye pa 1 January 2022 America inachotsa Ethiopia mu AGOA chifukwa cha kuphwanyidwa kwa ufulu wa anthu pa nkhondo ya ku Tigray. Maoda anaima, mafakitale n'kuchepetsa antchito. Atsikana amene anachoka kumudzi kudzaphunzira kusoka anataya ntchito chifukwa cha nkhondo imene sanaiyambitse ndi chigamulo chopangidwa ku Washington.

Kuno kwathu tinalawako ntchito zoterezi kudzera ku Bata, kampani imene Tomáš Baťa ndi abale ake anayambitsa mu 1894 ku Zlín, m'dziko limene lero ndi Czech Republic. Njira yake inali yomanga fakitale m'dziko momwe muli ogula: ku Gweru m'dziko la Zimbabwe, ku Limuru ku Kenya, ku Lusaka, ku Blantyre. Ndani wa ife sakumbukira fungo la nsapato yatsopano ya kusukulu, yakuda, yogulidwa yokulirapo kuti ifike chaka chamawa? Misika itatsegulidwa m'zaka za m'ma 1990, nsapato zotchipa za ku Asia ndi za kaunjika zinadzaza m'chigawo chonse chino, ndipo opanga nsapato, kuyambira ku Pietermaritzburg mpaka ku Nairobi, anachepetsa antchito. Mu 2016 mayiko a kum'mawa kwa Africa anagwirizana zoletsa zovala ndi nsapato za kaunjika pofika 2019. America itaopseza zowachotsera mwayi wa AGOA, Kenya, Uganda ndi Tanzania anabwerera m'mbuyo. Rwanda yokha inalimba mtima, ndipo mu 2018 inalandidwa mwayi wogulitsa zovala ku America popanda msonkho.

Ine sindikhulupirira kuti kuletsa kaunjika lero kungabereke mafakitale mawa. Kungangosiya ana ambiri akuyenda chosavala, ndi kulanda chakudya anthu ogulitsa mabelo. Sindikhulupiriranso kuti dziko lopanda doko ngati lathu, lodalira Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, lingapikisane ndi Vietnam pa maoda a mapeyala mamiliyoni. Msika umene tingaugwire ndi umene tikuuona ndi maso: nsapato za ana a sukulu, majombo a apolisi, asilikali, alonda ndi ogwira ntchito m'mafakitale, malamba, masandasi, zikwama. Nsapato zimenezi sizisintha sitayelo chaka ndi chaka, zimafuna chikopa cholimba, ndipo wogula wamkulu wa zina mwa izo ndi boma lenilenilo. Amisiri tili nawo. Pitani kuseri kwa msika uliwonse muone bambo atakhala pa kabenchi, nsapato ili pabondo, akubowola ndi chisongole n'kukoka ulusi wopaka phula ndi manja onse awiri. Munthu ameneyu akhoza kupanga nsapato yathunthu. Chimene chimamusowa ndi chikopa chofufutidwa bwino cha mtengo wofikirika, zikombole za masaizi onse, makina opalira m'mphepete, ndi oda yodalirika yoti angalembere anyamata awiri.

Chikopacho chimaonongekera kutali, chisanafike n'komwe kwa wofufuta. Ng'ombe ya ku Chikwawa kapena ku Mzimba imakula ikulumwa ndi nkhupakupa, ikukandidwa ndi minga ndi waya, ina n'kutenthedwa chizindikiro chachikulu pantchafu, pamalo pamene pakanatuluka chidutswa chabwino koposa. Tsiku la msika ikaphedwa, wosenda amathamangira nyama chifukwa ndi imene ili ndi ogula. Mpeni wake ndi wosongoka, ndipo ukaterereka kamodzi bowo latheka. Kenako chikopacho amachikhomera pansi ndi zikhomo, dzuwa n'kuchiwamba pamwamba kunsi kukuola, kapena amachisiya mulu mpaka madzulo mchere usanapezeke. Za mbuzi, zimene tili nazo zochuluka kwambiri kuposa ng'ombe, zambiri zimangotayidwa kuseri kwa chiwaya, agalu n'kukokerana. Wogula zikopa akabwera amachitambasula, amachikweza kuloza kudzuwa, n'kuwerenga mabowo amene kuwala kukudutsa. Akapeza atatu kapena anayi pakati, amachiponya pa mulu wa giredi yotsika, ndipo mtengo umene amatchula sulimbikitsa wosenda uja kugula mpeni wozungulira kunsonga ulendo wotsatira.